Kubwerera ku Restart ntchito ikatha: zoyenera kuchita kwa amene ali pa Universal Credit ku Britain

Munthu amene anali pa Universal Credit (ndalama zimene boma limapereka kwa anthu osowa ntchito kapena opeza zochepa) ku England kapena ku Wales, natumizidwa ku ndondomeko ya boma yothandiza anthu kupeza ntchito yotchedwa Restart, kenaka n'kupeza ntchito imene yatha patangopita miyezi yochepa, kawirikawiri amayesa kuti zonse ziyambira pachiyambi. Sizikhala choncho, ndipo kusadziwa zimenezi kumatayitsa anthu ndalama pa nthawi imene akuzifunitsitsa. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland kuli ndondomeko zawozawo, choncho zimene ndikunena za Restart sizikhudza okhala kumeneko.

Musanachite china chilichonse, onani kaye chilolezo chanu chokhalira m'dzikolo. Amalawi ndi a ku Zambia ambiri amene anapita pa viza ya ntchito yosamalira okalamba kapena ya sukulu ali ndi chiletso cholembedwa kuti "no recourse to public funds", kutanthauza kuti saloledwa kulandira ndalama zothandizira za boma, ndipo Universal Credit ili m'gulu la ndalama zoletsedwazo. Kuipempha muli ndi chiletsochi kungawononge mwayi wanu wowonjezera viza. Kupatula ndime yomaliza, zimene zikutsatirazi n'za amene ali ndi chilolezo chokhazikika, unzika, kapena chilolezo china chopanda chiletso chimenechi.

Tsiku lomwelo limene ntchito yatha, lowani mu akaunti yanu ya Universal Credit pa intaneti ndipo munene kuti zinthu zasintha. Ngati ndalama zinasiya kubwera chifukwa malipiro anu anakwera, ndipo sipanathe miyezi 6 chilandirireni ndalama zomaliza, simufunika kupempha mwatsopano. Ndalama zimayambanso kubwera malipiro akatsika, pa tsiku lomwe lija la mwezi limene munkalandirira kale. Ikapitirira miyezi 6, mumalemba pempho latsopano, ndipo ndalama zoyamba zimafika patatha pafupifupi masabata 5. Mungapemphe ngongole yoyembekezera, koma idzadulidwa pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira. Dziwaninso kuti malipiro omaliza ndi ndalama za tchuthi chimene simunapite zimawerengedwa m'mwezi umene zalowa, ndipo pa paundi iliyonse amachotsa mapeni 55, kotero kuti mwezi woyamba mukhoza kulandira zochepa kwambiri kapena osalandira n'komwe. Wosunga ndalama zoposa £16,000 salandira Universal Credit.

Tsopano za Restart yeniyeniyo. Ndondomekoyi inayamba mu 2021, ndipo unduna wa za ntchito ndi penshoni (DWP) umalipira makampani monga Maximus, Ingeus, Serco ndi Reed in Partnership kuti aziiyendetsa m'zigawo zosiyanasiyana. Munthu amapatsidwa masiku 365 kuchokera tsiku limene wayamba, ndipo masikuwa saima mukapeza ntchito. Tiyerekeze kuti munayamba mu Malichi, n'kulembedwa ntchito m'nyumba yosungira katundu mu Meyi, ntchitoyo n'kutha mu Seputembala. Ngati Restart yanu sinatsekedwe, mudzabwerera ku kampani yomwe ija kwa miyezi yotsala mpaka Malichi wa chaka chamawa, osati kwa chaka china chathunthu. Amene anadutsa mu Work Programme, ndondomeko yakale yofanana nayo imene inayamba mu 2011, akukumbukira kuti nayonso inali yotero, kungoti inkatenga masabata 104.

Pa chifukwa chimenechi, musadikire kuti akuitaneni. Lembani mu journal (malo olemberana mauthenga ndi a DWP) ya akaunti yanu kuti munali pa Restart, tchulani kampani ndi tsiku limene munayamba, ndipo funsani work coach wanu, mlangizi wa ku ofesi ya boma yothandiza ofuna ntchito yotchedwa Jobcentre, kuti akuuzeni molemba ngati masiku anu adakalipo komanso tsiku limene akutha. Imbiraninso mlangizi wanu wa ku kampaniyo. Ine ndimaona kuti miyezi yotsalayo ndi yamtengo wapatali kuposa yoyamba ija, popeza tsopano muli ndi ntchito yaposachedwa yolemba pa CV ndi bwana amene angakuchitireni umboni, ndipo kampaniyo imabweza ndalama zoyendera popita ku misonkhano yake ndi kuthandiza pa ndalama zosiyira ana. Ngati masiku 365 anatha muli pa ntchito, ndiye kuti Restart yanu inatha, ndipo mubwerera m'manja mwa Jobcentre, kumene work coach adzaona thandizo lina loyenera inu.

Mudzaitanidwa kukagwirizananso pa claimant commitment, pangano lonena zimene mudzichita pofuna ntchito, zimene kwa munthu wopanda zomulepheretsa zimafika maola 35 pa sabata. Musangovomera pangano lakale ngati moyo wanu wasintha. Ngati mwadwala, perekani chikalata cha dokotala chotchedwa fit note. Ngati mukusamalira mwana wamng'ono kapena wodwala, nenani, chifukwa maolawo amatha kuchepetsedwa, ndipo kampani ya Restart iyenera kudziwa zomwezo.

Chimene chimapweteka anthu kwambiri ndi funso la mmene ntchito inathera. Ngati kontrakiti inangofika pamapeto kapena anachepetsa antchito, sungani kalata ya abwana ndi P45, chikalata cha msonkho chimene amakupatsani ntchito ikatha, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma ngati munasiya nokha popanda chifukwa chomveka, kapena munachotsedwa chifukwa cha khalidwe, DWP ikhoza kukudulani ndalama kwa masiku 91, ndipo zikachitikanso chaka chisanathe amakhala masiku 182. Chilango chotere sichiperekedwa asanakufunseni mbali yanu, choncho fotokozani mwatsatanetsatane ndipo perekani umboni. Kusalipidwa malipiro, kuzunzidwa pa ntchito, matenda, kapena kusinthiridwa mashifiti mwanjira yosagwirizana ndi kusamalira ana, zonsezi ndi zifukwa zimene amaziganizira. Ambiri a ife tinaleredwa kuti si ulemu kudandaula za bwana kwa anthu a boma, koma apa kukhala chete n'kudzimana chakudya cha miyezi itatu.

Kulephera kupita ku msonkhano wa Restart umene mwalamulidwa molemba kumabweretsanso chilango, chimene chimapitirira mpaka mutachita zimene munauzidwa, kenaka n'kuwonjezerapo masiku 7 ngati ndi koyamba. Mukaona kuti simufika, dziwitsani kampaniyo nthawi isanakwane ndipo lembaninso mu journal kuti pakhale umboni wa tsiku ndi ola. Mukadulidwa ndalama mosayenera, muli ndi mwezi umodzi wopempha mandatory reconsideration, kutanthauza kuti DWP iunikenso chigamulo chake, ndipo ikakana mukhoza kukadandaula ku bwalo lomva madandaulo (tribunal) kwaulere. A bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice amathandiza kulemba madandaulo otere popanda malipiro.

Kwa amene chiletso cha viza chikuwatsekereza, pali New Style Jobseeker's Allowance, ndalama ya anthu ofuna ntchito imene sawerengera m'gulu la ndalama zoletsedwa chifukwa imachokera pa National Insurance, ndalama imene munadulidwa pa malipiro m'zaka ziwiri za msonkho zapitazo. Imaperekedwa kwa masiku osapitirira 182, ndipo mukaipemphanso pasanathe masabata 12 chiisiyireni, amapitiriza kuwerenga masikuwo kuchokera pamene munalekezera.