Momwe mungamvetsere kugwirana kwa maatomu pogwiritsa ntchito chimanga, nyemba ndi mabatire a tochi

Phunziro la mabondi, kutanthauza kugwirana kwa maatomu, limavuta ophunzira a Fomu 3 chifukwa amathamangira kuloweza mayina, ionic, covalent ndi metallic, asanadziwe kuwerenga maelekitironi, tizinthu ting'onoting'ono tozungulira pakati pa atomu. Yambani ndi kuwerengako. Ngakhale sukulu yanu ili kutali ndi boma la Kasungu ndipo ilibe labotale, zipangizo zambiri zili m'nkhokwe.

Choyamba, gawani maelekitironi m'mizere. Nambala ya atomu pa periodic table ndiyo chiwerengero cha maelekitironi ake. Pa maatomu 20 oyambirira, mzere wamkati umalowa 2, wachiwiri 8, wachitatu 8. Sodium ndi 11, ndiye 2, 8, 1. Chlorine ndi 17, ndiye 2, 8, 7. Yogwira ntchito pa bondi ndi nambala yomalizayo basi, chifukwa atomu imakhazikika mzere wake wakunja ukakwana 8. Wa hydrogen umakwana ndi 2.

Chachiwiri, onani ngati ndi chitsulo kapena ayi. Ya 1, 2 kapena 3 kunja kawirikawiri ndi chitsulo ndipo imapereka. Ya 5, 6 kapena 7 imalandira kapena kugawana ndi inzake. Samalani ndi hydrogen: ili ndi 1 koma si chitsulo.

Tsopano jambulani magulungwa awiri pansi ndi choko kapena khala. Njere ziimire maelekitironi akunja: pa sodium ikani njere imodzi ya chimanga, pa chlorine nyemba 7. Sunthani chimangacho chipite kwa chlorine. Sodium yasanduka Na+, chlorine yasanduka Cl-, zomwe zimatchedwa maayoni, ndipo kukokana kwa ziwirizi ndiyo bondi ya ionic, yomwe ili mu mchere wathu wa m'ndiwo. Yesaninso ndi magnesium, 2, 8, 2. Njere zake ziwiri sizingalowe mwa chlorine mmodzi, mpata ulipo umodzi wokha, n'chifukwa chake timalemba MgCl2.

Maatomu onse akakhala kuti si zitsulo, palibe yopereka, amangogawana, ndiyo bondi ya covalent. Pa madzi, oxygen ili ndi 6 kunja, ikusowa 2. Jambulani magulungwa awiri a hydrogen olowerera m'gulungwa la oxygen, ndipo polowererapo ikani nyemba imodzi ya oxygen ndi chimanga chimodzi cha hydrogen, nyemba 4 zotsala za oxygen zikhale m'gulungwa lake. Apa ndi pomwe malikisi amathera: njere ziwiri zogawanazo ziwerengedwe mbali zonse, osati mbali imodzi. Oxygen ikwane 8, hydrogen iliyonse 2. Ganizo la awiriawiri ogawanali analibweretsa ndi wasayansi Gilbert Lewis mu 1916. Pojambula pamayeso a MANEB, chimanga chikhala dontho, nyemba mtanda.

Ya metallic siyofuna njere. Maelekitironi akunja amangoyendayenda m'chitsulo chonse, ndiye chifukwa chake waya wa kopa amapititsa magetsi.

Kuti muone kusiyana kwa ionic ndi covalent ndi maso, lumikizani mabatire 4 a tochi mondondozana, babu la LED la m'tochi yakale, waya, ndi mapensulo awiri osongoledwa mbali zonse. Sungunulani supuni ziwiri zazing'ono za mchere m'theka la kapu ya madzi. Viikani nsonga za mapensulo motalikirana ngati chala chimodzi. Babu liyaka. Tsukani mapensulo, yesani shuga: siliyaka, chifukwa shuga ndi covalent, alibe maayoni. Mchere wouma nawonso suyatsa, maayoni ake ali omangika mpaka utasungunuka. Ngati pali feteleza wotsala, CAN amayatsa pomwe urea ayi.

Babu likakana ndi mchere womwe, tembenuzani miyendo yake, LED imalola magetsi mbali imodzi yokha. Likamanyezimira pang'ono ndi shuga, vuto ndi madzi. A pamjigo amakhala kale ndi timichere tosungunuka, choncho gwiritsani ntchito a mvula okinga m'beseni loyera kapena ogula othira m'batire ya galimoto. Nsonga za mapensulo zisakhudzane, babu lingapse. Viikani kwa masekondi ochepa pafupi ndi windo, chifukwa madzi amchere amatulutsa mpweya wa chlorine pang'ono. Magetsi a ESCOM musayerekeze n'komwe, amapha.