Kuphunzitsa ana kufupikitsa nthano ndi kupezamo phunziro

Mwana akamva nthano ya Kalulu ndi chitsime, mukamufunsa zomwe wamva, kawirikawiri amayambiranso pa "padangokhala" mpaka kumapeto, nyimbo zomwe, kapena amangoti "Kalulu anali wochenjera" n'kukhala chete. Mukafunsa phunziro, yankho limakhala loloweza kale: "tizimvera makolo", ngakhale m'nthanomo musakupezeka kholo lililonse. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: mwanayo sanaone kuti chochitika china ndicho chinabala chinzake. N'chifukwa chake chifupikitso chiyenera kuyamba, phunziro libwere pambuyo.

Kwa ana a Sitandade 3 mpaka 5, sankhani nthano yosimbika m'mphindi 3 kapena 4, yokhala ndi vuto limodzi lokha. Isimbeni kawiri. Koyamba isimbeni yonse monga amachitira agogo madzulo, ana akuvomera "tili tonse" ndi kuimba nawo nyimbo zake, popanda kuwadula ndi mafunso. Mwana amene sanakomedwe ndi nthano safuna kuiganizira. Musanabwereze, apatseni mafunso 5, limodzi pa chala chilichonse: Nthanoyi ikukamba za ndani? Panali vuto lanji? Iyeyo ankafuna chiyani? Anachita chiyani? Zinamuthera bwanji? Zala n'zabwino chifukwa mwana amakhala nazo ngakhale kope ndi pensulo palibe, ndipo zikatha amadziwa kuti chifupikitso chathanso.

Pa nthano ya chitsime ija, mayankho akalumikizidwa amatuluka motere: "Kunagwa chilala ndipo nyama zinagwirizana zokumba chitsime. Kalulu anakana kukumba nawo, choncho anamuletsa kumwa madziwo. Iye ankabwera ndi uchi n'kunyengerera alonda kuti awamange kaye asanawalawitse, kenako n'kutunga madzi. Kamba atapatsidwa ulonda anadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee ngati mwala. Kalulu atapondapo anamatirira, nyama n'kumugwira."

Onani zomwe zatsala kunja. Nyimbo yachoka. Zokambirana za Kalulu ndi alonda zachoka. Chovuta kwambiri kwa ana ndi kubwerezabwereza: tsiku loyamba analondera uyu n'kumangidwa, lachiwiri uyo n'kumangidwanso, lachitatu chimodzimodzi. Mwana amafuna kutchula mlonda aliyense chifukwa apo ndi pamene anaseka. Muthandizeni ndi funso lakuti, "Chimene chinachitikira onsewa n'chiyani?" Akayankha kuti onse anapusitsidwa ndi uchi, masiku atatu alowa m'chiganizo chimodzi. Luso limeneli ndi mtima wa kufupikitsa, ndipo si kulakwa kutherapo mphindi 10 zathunthu.

Ngati kalasi ndi yaikulu, lembani zochitika 10 za m'nthano pa tizidutswa ta pepala, n'kupereka ku gulu lililonse la ana 5 kapena 6. Ayambe kutisanja motsatana, kenako achotse kamodzikamodzi mpaka titsale 5. Lamulo lake n'lakuti: ukachotsa kameneka, mapeto a nthano akumvekabe? Akachotsa kakuti Kalulu anasamba pachitsime, nkhani siisokonekera. Akachotsa kukana kukumba, palibe angamvetse chifukwa chimene ankamuletsera madzi, ndiye kabwerere pamalo pake. Ntchito imeneyi ili ngati kupeta, ndipo ana akamatsutsana kuti mankhusu ndi ati, asiyeni atsutsane.

Samalaninso ndi "kenako". Chifupikitso cha "kenako... kenako... kenako" chimangondandalika zinthu osaonetsa chomwe chinayambitsa chinzake. Lolani "kenako" mmodzi yekha, kwinako agwiritse ntchito "chifukwa", "choncho", "koma" ndi "ngakhale". Maganizo a mwana, monga "Kalulu anali woipa", adikire. Nthawi yake ikubwera.

Tsopano phunziro. Musafunse msanga kuti "tikuphunzirapo chiyani?", chifukwa funso limenelo ndilo limaitana mayankho oloweza. Funsani kuti zinamuthera moipa ndani, ndipo anachita chiyani kuti zimuthere choncho. Mwana akati, "Alonda anamangidwa chifukwa anakopeka ndi uchi", muuzeni achotse dzina la nyama aikepo "munthu", achotsenso uchi aikepo mawu okhudza moyo wa tsiku ndi tsiku. Adzafika pa chiganizo chonga ichi: "Munthu wadyera amataya ntchito imene anzake amudalira nayo." Limenelo ndi phunziro lochokera m'nthano momwemo. Yankho lililonse liyesedwe ndi funso limodzi: "Mwaziona pati m'nthanomu?" Wonena za kumvera makolo adzasowa poloza, ndipo adzazindikira yekha popanda kumuchititsa manyazi.

Nthano imodzi imatha kukhala ndi maphunziro angapo, ndiye musaumirire lomwe lili m'mutu mwanu. Wina adzaona kuti wokana ntchito ya gulu sayenera kudya nawo phindu lake. Wina adzaona kuti Kamba, amene ankanyozedwa, ndiye anathetsa vuto. Onsewa akhoza, malinga aloze umboni.

Pali osimba ambiri amene amamaliza nthanoyi Kalulu atapusitsanso nyama n'kuthawa. Apa ana ena amati phunziro ndi lakuti kuchenjera kumapulumutsa. Musasinthe mapeto, ndipo musawakalipire, chifukwa awerenga zochitika molondola. Afunseni amene anavutika ndi kuchenjerako, ndiponso ngati angakonde kukumba chitsime m'mudzi momwe mukukhala Kalulu. Kukambirana kotere kumapindulitsa kuposa kuwalembera yankho pabolodi.

Mwambi ubwere pomalizira, mwana atanena kale phunziro m'mawu akeake. Mukayamba ndi mwambi, ana amauloweza osaumvetsa. Pa nthano ya Fisi amene anafuna kutsata njira ziwiri za kuphwando nthawi imodzi, ana ayambe anena okha kuti wofuna zonse amataya zonse, kenako muwapatse "mapanga awiri avumbwitsa".

Pochonga, yang'anani ngati zala zonse 5 zayankhidwa, ngati zochitika zatsatana bwino, ndiponso ngati phunziro lili ndi poloza m'nthano. Zolakwika za kalembedwe zikonzedwe padera. Ana a Sitandade 6 mpaka 8 apatseni malire a mawu 50, kenako 30 pa nthano yomweyo. Ntchito ya kunyumba ikhale yokapempha nthano kwa agogo kapena azakhali, n'kubwera nayo m'ziganizo 5 ndi phunziro limodzi, kuti anzawo akalifufuzire umboni m'kalasi.