Bwana kapena mphunzitsi akalemba kuti "gregarious"

Mawu awa simuwamva m'basi kapena pamsika. Amapezeka m'zolembedwa: m'kalata ya umboni yochokera kwa bwana, pa lipoti la mwana kusukulu za ku Britain, nthawi zina pa mayeso a Chingerezi a IELTS. Amanena za munthu wokonda kukhala pagulu, uja amene akafika paukwati sipatenga nthawi asanadziwane ndi tebulo lonse.

Potchula nenani gri-GE-ri-yas, mphamvu ikhale pa GE. Muli r awiri, ndiye samalani kuti lilime lisatsetserekere ku l monga timachitira kwathu.

Muzu wake ndi grex, mawu a Chilatini otanthauza gulu la ziweto. N'chifukwa chake amanenanso za nkhosa, njovu ndi dzombe. Kuchokera pamuzu womwewo kunatuluka "egregious", amene lero amatanthauza choipa kwambiri, monga cholakwa chachikulu pantchito. Mukalembera mnzanu kalata ya umboni n'kusokoneza awiriwa, mwamuwonongera ntchito, ndipo kompyuta sikuchenjezani popeza onse ndi mawu olondola. Werengani kawiri musanatumize.

Gregarious amafotokoza munthu kapena nyama. Phwando kapena chakudya chosangalatsa ndi "convivial". Poyerekeza anthu awiri mumati "more gregarious".

Pa CV m'pamene pafunika nzeru. Pantchito yapahotelo kapena yogulitsa malonda mawuwa sakuvulazani, ngakhale "outgoing" amamveka bwino kuposa. Koma pantchito yosamalira okalamba asiyeni. Wolemba ntchito akufuna munthu woti akhale phee kwa mphindi 20 akudyetsa gogo amene amameza movutika, ndipo akaona gregarious angaganize za wantchito amene amangocheza ndi anzake m'khonde belu la gogo wofuna thandizo likulira. Lembani "patient" (woleza mtima) kapena "approachable" (wosavuta kumufikira), kenako onjezani chitsanzo chimodzi cha zimene munachitapo.

Lipoti la mwana liwerengeni modekha. Aphunzitsi a ku Britain sakonda kudzudzula mwachindunji. Akalemba kuti mwana ndi gregarious n'kutsatiza "but" kapena "needs to focus", akunena mwaulemu kuti amalongolola m'kalasi. Musathamangire kumukalipira. Pa tsiku lokumana ndi aphunzitsi afunseni kuti amakhala pafupi ndi ndani, ndiponso ngati ntchito yake amaimaliza pa nthawi yake. Nthawi zambiri kungomusintha malo okhala kumathandiza.