Momwe mungawerengere batting average: tiyesere pa akatswiri a baseball a 1941

Mukatsegula mndandanda wa omenya mpira bwino mu baseball ya ku America mumapeza manambala ngati .406, .359, .357, omwe amatchedwa batting average, ndipo ambiri amangowadutsa poganiza kuti ndi masamu ovuta pomwe ndi kugawa kamodzi basi. Titenge sizoni ya 1941 mu American League, imodzi mwa ma ligi akuluakulu awiri a baseball kumeneko (inayo ndi National League), kwa ine palibe ina yophunzirirapo bwino kuposa imeneyi.

Choyamba pezani ma hit a wosewerayo. Hit ndi pamene wamenya mpira ndi ndodo ija n'kuthamanga kukafika pa base (malo oikika pabwalo omwe womenya amathamangirako) asanamutulutse. Koma ngati wafika chifukwa wa timu inayo wagwetsa mpira womwe akanaugwira bwinobwino, imeneyo ndi error, musayiwerenge ngati hit. Ted Williams wa Boston Red Sox chaka chimenecho anali ndi ma hit 185.

Kenako pezani ma at bat, kutanthauza maulendo omwe waima ndi ndodo kuti amenye mpira, ndipo apa ndi pomwe anthu amasokonekera. Si nthawi iliyonse munthu akaima ndi ndodo imalowa m'kaundula. Woponya akaponya mipira inayi kunja kwa malo oyenera womenya amangoyenda kupita pa base yoyamba, iyi amati walk, siilowa mu at bat. Akamugenda ndi mpira pathupi siilowanso, chimodzimodzi akagogoda mpira pang'ono dala kuti mnzake asunthe iye n'kutuluka. Koma error ija ndiye imalowa, ndipo imamutsitsa munthu. Williams ma at bat ake anali 456.

Tsopano tengani foni, gawani 185 ndi 456. Mupeza 0.4057, mutsale ndi manambala atatu okha, 5 uja mumukweze akhale 6 chifukwa 7 womutsatirayo waposa theka, ndipo ziro wakutsogoloyo mumuchotse, yatuluka .406. Tanthauzo lake pa maulendo 10 aliwonse ankapeza ma hit pafupifupi 4, pomwe wosewera akangofika .300 amatengedwa kale kuti ndi katswiri.

Chitani zomwezo kwa omutsatira. Cecil Travis wa Washington Senators, 218 pa 608, ikupatsani .359. Joe DiMaggio wa New York Yankees, 193 pa 541, .357. Ku National League wapamwamba anali Pete Reiser wa Brooklyn Dodgers ndi .343, ndiye mukuona nokha mpata womwe Williams anawasiya anzake.

Manambala atatu aja musawapeputse. Tsiku lomaliza la sizoni lisanafike Williams anali ndi ma hit 179 pa 448, mukagawa ndi 0.39955, yomwe papepala ikanalembedwa .400 akanangokhala pabenchi. Iye anasewera magemu onse awiri a pa 28 September 1941 ku Shibe Park ku Philadelphia molimbana ndi Athletics, n'kupeza ma hit 6 pa ma at bat 8. Phatikizani 179 ndi 6, 448 ndi 8, mwafika pa 185 ndi 456 paja. Ine mpaka pano ndimamupatsa ulemu pa chimenechi, akanalephera tsiku limenelo .400 yonse ikanapita pamaso pa anthu.

Musanaike munthu pamwamba pa mndandanda onani kaye ngati wasewera mokwanira, chifukwa wa ma hit 2 pa maulendo 3 ali ndi .667 koma si ngwazi ayi. Lamulo la masiku ano limafuna maulendo 502 oima ndi ndodo pa sizoni ya magemu 162, ndipo apa ma walk amawerengedwa nawo.

Komanso batting average siinena zonse, home run (hit yomwe womenya amazungulira nayo ma base onse) ndi hit yongofikitsa pa base yoyamba imaziona chimodzimodzi. Mphoto ya MVP (wosewera wopambana onse mu ligi) ya 1941 inapita kwa DiMaggio yemwe anapeza hit m'magemu 56 motsatizana, osati Williams.

Chichokereni chaka chimenecho palibe wafikanso .400 mu American League kapena National League. Yemwe anayandikira kwambiri ndi Tony Gwynn wa San Diego Padres mu 1994, sizoni yomwe inadukira panjira mu August chifukwa cha sitalaka ya osewera. Anali ndi ma hit 165 pa ma at bat 419, gawani nokha muone kuti inatsala pang'ono bwanji.