Mukaona mawu oti leave, musathamangire kulongedza katundu

Amene mwangofika ku UK, mawu oti leave mukumana nawo paliponse, pa imelo ya Home Office (unduna woona za anthu olowa m'dzikomo), kuntchito, ngakhale kwa landilodi. Kusukulu anatiphunzitsa kuti ndi kuchoka basi, ndiye munthu akaona "leave to remain" mtima umagunda kuti akundithamangitsa, chonsecho ndi nkhani yabwino. Apa leave ndi chilolezo, chizungu cha m'malamulo chimenecho, akukuuzani kuti mwaloledwa kukhala m'dzikomo.

Koma muziwerenga mawu oyambirirawo. Limited leave imakhala ndi tsiku lothera, ndipo ngati mukufuna kuwonjezera muapulaye tsikulo lisanafike, osamati ndiona mawa ayi, likangodutsa mwasanduka overstayer, munthu wokhala m'dziko chilolezo chitatha, ndipo kukonza zimenezo ndi chintchito. Indefinite leave to remain, ija timangoti ILR, ilibe tsiku lothera komabe imafa mukakhala kunja kwa UK zaka zopitirira 2 osabwererako. Apa ndi pomwe ena amagwa nayo, munthu wapita kumudzi kukayang'anira zomanga nyumba, wakhalitsa, pobwera akumuuza kuti ayambe wapempha visa ina.

Kuntchito ndiye ndi livi ija tonse timaidziwa. Ku UK lamulo limati masabata 5.6 pachaka olipidwa, amene ndi masiku 28 ngati mumagwira masiku 5 pasabata, kungoti abwana akhoza kuwerengera ma bank holiday momwemo, musadabwe. A ku Joni anu ndi masiku 21 otsatizana. Akakuuzani kuti tengani unpaid leave dziwani kuti mupuma inde koma malipiro a masiku amenewo kulibe, funsani kaye musanavomere.

Pocheza ndi zophweka, "leave it" ndi zisiyeni, "leave it with me" ndi ndisiyireni ndithana nazo.

Pomwe leave ndi kuchoka kwenikweni ndi pa pepala la Notice to Leave limene malandilodi a ku Scotland amapereka. Ngakhale pamenepo simutuluka tsiku lomwelo, pepalalo liyenera kunena chifukwa chake, nthawi imakhala masiku 28 kapena 84 kutengera chifukwacho ndi kutalika kwa nthawi imene mwakhala m'nyumbamo, ndipo ikatha inu musanatuluke landilodi alibe mphamvu yokuponyerani katundu panja, amayenera kupita ku tribunal, bwalo loweruza nkhani za nyumba. Litengeni pepalalo mupite nalo ku mabungwe opereka uphungu a Citizens Advice kapena Shelter Scotland akakuwerengereni, salipiritsa.