Momwe mungajambulire ndi kusanthula chiyankhulo chachinsinsi cha achinyamata a ku Embu

Embu ili m'munsi mwa phiri la Kenya, mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Nairobi. Musanakwere matatu (minibasi za ku Kenya), pezani chilolezo cha kafukufuku ku NACOSTI, bungwe la boma la Kenya loyang'anira za sayansi ndi kafukufuku. Fomu yake ili pa intaneti, choncho aliyense wokuuzani kuti akuthamangitsirani pepalalo mukamupatsa kangachepe, musiyeni.

Mukafika, sukulu ziiwaleni. Pamaso pa mphunzitsi mwana amayankhula Chiembu cha agogo ake. Pitani pa siteji ya bodaboda (njinga zamoto za kabaza), kapena pomwe anyamata amatafuna muguka (masamba otsitsimula ubongo) madzulo, mupemphe chilolezo, muwagulire zoziziritsa kukhosi, foni ikhale patebulo ikujambula. Foni yabwino ndi yokwanira. Timakina tojambulira mawu totchipa ta m'misewu timangotola phokoso la njinga zamoto.

Pomwe ntchito imafera ndi polemba zomwe mwajambulazo. Chichewa chili ndi malembo a liwu 5, Chiembu chili ndi 7. Pali ĩ amene amamveka pakati pa i ndi e, komanso ũ amene ali pakati pa u ndi o. Khutu lathu silinazolowere, limangomva i kapena u basi. Ine ndinalemba ganyu mnyamata wina wa pa shopu ya makompyuta kuti andilembere, ndipo anabweza mapepala opanda kachizindikiro ngakhale kamodzi pamwamba pa i ndi u, ati kiyibodi yake ilibe. Ndalama anali atalandira kale. Mawu osiyana anaoneka ngati amodzi, ndipo zinali zosatheka kudziwa ngati achinyamatawo asintha liwu dala kapena wolembayo ndiye walimeza. Tinabwerezanso zonse ndi mayi wina wodziwa kulemba Chiembu, liwu limodzilimodzi. Musanalipire munthu, muuzeni alembe mũndũ, kutanthauza munthu. Akalemba mundu, tsanzikanani.

Kenako dulani liwu lililonse m'maphatikizo. Apa ife tili ndi mwayi, chifukwa maphatikizo a Chiembu amathera pa lembo la liwu ngati athu, ndipo mb, nd ndi ng sadulidwa pakati. N'chifukwa chake mu Sheng, chiyankhulo chosakaniza cha achinyamata a ku Nairobi, nyumba imasanduka mbanyu, mb yonse n'kusamukira kutsogolo. Yesani njira yomweyo pa liwu lililonse lomwe akuluakulu odziwa Chiembu alephera kulizindikira mutawawerengera: bwezani phatikizo lomaliza kumene linachoka, muone ngati liwu lodziwika likutuluka. Onaninso ngati chidutswa choyambirira monga mũ- kapena kĩ- chasuntha nawo kapena changotsala pamalo pake tsinde lokha n'kutembenuzika.

Otsalawo agaweni: odulidwa mchira, obwerekedwa ku Chiswahili, Chingerezi kapena Sheng n'kuvekedwa ka- kapena ma-, ndi mawu akale opatsidwa tanthauzo latsopano. Za kukwera ndi kutsika kwa mawu, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira mawu yotchedwa Praat ndi yaulere. Pomaliza werengerani gulu lina la achinyamata mndandandawo, achotse omwe anzawo aja anangopeka kuti akusekeni.