Momwe mungadutsitsire mawu a mu kompyuta mu compressor kapena reverb ya hardware pomiksa

Ma studio ambiri kuno ku Ulongwe mpaka ku Moatize ali ndi tizitsulo takale ta pa rack tochokera ku ma band a tchalitchi, ma compressor ngati Alesis 3630 ndi dbx 266, reverb ngati Midiverb ndi zina zotero, koma timangotiyika pa shelefu kuti kasitomala aziona magetsi akuphethira. Timagwira ntchito timeneti aise, mutha kutulutsa mawu mu kompyuta, adutse mu chitsulo kenako abwererenso mu nyimbo.

Yambani mwayang'ana kumbuyo kwa sound card yanu. Ngati ndi Scarlett 2i2 ili ndi ma output awiri okha ndipo amenewo atengedwa kale ndi ma monitor, ndiye mawu alibe potulukira. Pamafunika ya ma output anayi ngati Scarlett 4i4 kapena Behringer UMC404HD. Chingwe chimodzi chichoke pa output 3 kukalowa mu chitsulo, china chichoke pa output ya chitsulo kubwerera pa input yomwe simukugwiritsa ntchito, ndipo inputiyo ikhale pa LINE osati INST. Ngati kumbuyo kwa chitsulo kuli kabatani ka +4 ndi -10, ikani pa +4, mukaona kuti mawu akufika ochepa kwambiri ndiye muyese -10.

Zingwe gulani za TRS, zija za mizere iwiri yakuda pa jeki. Koma chenjerani ndi anyamata ena ogulitsa pa msika mu Tete muja, jeki imaoneka ya TRS bwinobwino koma mukaimasula mupeza kawaya kamodzi kokha mkati, mtengo wake mameticais omwewo a chingwe chenicheni. Masulani pomwepo iye akuona. Ine ndimangogula waya wa maikolofoni pa mita ndi ma jeki padera n'kuwotcherera ndekha, zimatchipa.

Tsopano mu pulogalamu yanu yomiksira. Mu Reaper ikani plugin ya ReaInsert pa track ya mawu, Hardware send musankhe output 3, Hardware return musankhe input ija. Mu Ableton ndi External Audio Effect, mu Studio One ndi Pipeline, mu Cubase ndi External FX koma imapezeka mu Pro yokha. Musanasindikize play tsitsani ma monitor, chifukwa mawu obwerera aja akangopezanso njira yopita ku output 3 kulira kwake mpaka aneba atuluka panja.

Tsopano apa ndiye pamene pamavuta, latency. Mawu akatuluka n'kubwerera amachedwa. Buffer (kagawo ka mawu komwe kompyuta imasonkhanitsa isanatumize) ya 256 pa sample rate ya 44100 ndi pafupifupi 5.8 ms ulendo umodzi, pobwerera muwonjezerenso, ndi kachedwedwe ka ma converter a mu sound card pamwamba. Kuchedwako khutu silikumva ngati echo ayi, koma mawu ochedwa akasakanikirana ndi osachedwa amadyana. Ine zinandichitikira pa nyimbo ya kwaya ina ya ku Tsangano, mayi wotsogolera mawu ake okoma koma atadutsa mu compressor anayamba kumveka opyapyala ngati akuyimbira m'chitini, kuwonjezera ma bass pa EQ osathandiza olo pang'ono. Vuto linali pawiri. Choyamba, direct monitor, njira yomwe sound card imatumizira mawu a pa input molunjika ku ma monitor osadutsa mu kompyuta, inali yotsegula, pa UMC404HD ndi ka knob kaja kolembedwa MIX, kamayenera kupotokolera mpaka kumapeto ku PB, pa 4i4 mumatseka mu pulogalamu yake ya pa kompyuta. Chachiwiri ndi ping. ReaInsert ili ndi batani la ping lomwe limatumiza kaphokoso kakang'ono n'kuyeza nthawi yomwe kabwerera, koma chitsulo chikhale pa bypass poyezapo, kuti mawu azingodutsa osasinthidwa, apo ayi gate kapena compressor imakameza kaphokosoko, reverb nayo imakamwaza, nambala yobwera imakhala yabodza. Yezani, chotsani bypass, mverani. Mukasintha buffer kapena sample rate yezaninso, musadalire za dzulo.

Reverb musaiike pa track ya mawu, ipangireni track yake ya send ndipo pa chitsulopo mix ikhale wet mpaka kumapeto, kuti izibweza reverb yokhayokha. Mukamva kung'ung'uza kwa 50 Hz lumikizani kompyuta, sound card ndi chitsulo pa extension imodzi.

Pomaliza, potulutsa nyimbo yonse kukhala file, render ikhale ya online, nyimbo iziyenda pa liwiro lake lenileni, offline simupezamo za chitsulo. Kapena ingojambulani mawu obwererawo pa track yatsopano, mujambulenso ma knob ndi foni chifukwa chitsulo sichisunga project, oyimba akadzabwera mwezi wamawa kuti tikwezeko pang'ono mudzayambira pomwepo.